Makanema athu akusamba kwambiri

Sabata yatha ndinapeza anyamata akujambula filimu yawo pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu. Asanayatse kamera, mmodzi anatenga tsache n'kusesa makoko a nthochi ndi majumbo. Wina anapempha mayi wogulitsa usipa kuti asunthe kaye dengu lawo, ati ntchentche ziwononga chithunzi. Mayiwo anangonyamula dengulo osayankha kanthu. Mtima unandiwawa ndipo sunaleke mpaka lero, chifukwa zimene anachotsazo ndiye Mzuzu amene ine ndimadzukamo tsiku ndi tsiku.

Anyamatawo sindikuwada ayi, akuchita zimene tonse tinazolowera. Taonani makanema athu ambiri. Munthu wabwino amakhala m'nyumba ya mpanda yobwereka, pabalaza pali mipando yonyezimira, malaya ositasita. Uve akausonyeza, amaupachika pa munthu: mfiti ya nsanza, chidakwa chogona m'ngalande, mtsikana woyendayenda amene pamapeto amadwala kapena kulapa. Litsiro lasanduka chizindikiro choti uyu ndi woipa. Mwana wa ku Chibavi akaonera zimenezi n'kuyang'ana matope ali pakhomo pawo, mukuganiza amadziona ngati ndani?

Chizolowezichi chili ndi mizu. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa Censorship Board, bungwe la boma lounika makanema ndi mabuku, ndipo kwa zaka zambiri lumo linkadula chilichonse chooneka ngati chodetsa maso. Mu 1973 padabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi. Tidaphunzira kuti pamaso pa anthu pazikhala paukhondo, zonyansa kuseri. Nthawi ya Kamuzu idapita, koma tsache lija tidatsala nalo m'manja.

Filimu imene inanditsegula maso ndi Parasite ya Bong Joon-ho wa ku South Korea, yomwe idapambana mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2020. Banja losauka limakhala m'kanyumba kolowa pansi, mawindo ali mulingo umodzi ndi msewu. Usiku wina mvula ikugwa yamphamvu, madzi a m'zimbudzi akusefukira m'nyumbamo, ndipo mtsikana wa m'banjamo akukhala pa chivundikiro cha chimbudzi kuti zakuda zisathuvuke. Kutacha, mayi wolemera amene amawagwirira ntchito akuyamikira pa foni kuti mvula yayeretsa mpweya, kwinaku akutseka mphuno m'galimoto chifukwa cha fungo la dalaivala wake, yemwe ndi bambo wa banja losauka lija. Dalaivalayo wagona pansi m'holo pamodzi ndi anzake othawa madzi.

Nditaonera pamenepo ndinaimitsa kaye filimuyo. Ndinakumbukira mvula ya April 2016, pamene madzi adalowa m'nyumba zambiri kuno. Ndinakumbukira amayi anga akukweza thumba la ufa pa tebulo usiku, tochi ali nayo kukamwa, madzi ali m'akakolo, ndipo tonse tikudziwa kuti chimbudzi cha kwa aneba chadzaza kale ndipo madziwo adutsa kumeneko. Palibe amene ananena. Munthu wa ku Seoul wandijambulira usiku wanga, ife eni ake tili kalikiliki kusesa makoko a nthochi.

Chimene ndimakonda m'filimu imeneyo n'chakuti fungo lija silitsutsa wosaukayo. Limaloza kumtunda, kwa amene madzi ake amatsikira kwa anzake. Aliyense wokhala ku Salisbury Lines kapena m'zigwa za ku Masasa amadziwa kuti madzi sasankha nyumba mwangozi. Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo ambiri tinkangoti anthu ndi auve, ngati kuti mpope wa madzi anaukana okha.

Ndiyamike Shemu Joyah. Mu filimu yake ya The Road to Sunrise ya 2017 adaika amayi oyendayenda a ku Blantyre patsogolo, n'kutilola kuwaona ngati anthu okhala ndi abale, mantha ndi maloto. Zikusonyeza kuti n'zotheka kuno komwe.

Ndipo nkhani za chidetso ife tili nazo zakuya kuposa zinyalala. Kumudzi kwathu mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amatuma mwana. Mwana akatupa amati ndi tsempho kapena mdulo, maso onse n'kuyamba kufunafuna amene wasempha mwambo. Tangoganizani kamera ili pa dzanja la mayi amene watapa mchere, waima pa mphika, apongozi ali pakhomo la khitchini akumuyang'ana. Palibe mfuti, palibe galimoto yothamanga, koma holo yonse ingakhale chete.

Achimwene amene munagwira tsache tsiku lija, ngati mukuwerenga izi, mayi a usipa aja akadali pamalo pomwe paja. Amafika m'mamawa chifunga chisanachoke, atavala juzi ziwiri, ndipo chala chawo chachikulu chili ndi mng'alu wa mchere wa nsomba. Kapempheni chilolezo, muwalipire, mujambule dengulo ndi ntchentche zake zomwe.