Pemphero la usiku wotsiriza m'dziko la Jordan

Abale ndi alongo mwa Ambuye, amayi anzanga a Mvano kulikonse kumene muli, gwadani nane. Mawa m'bandakucha tikukwera ndege kubwerera kwathu, ndipo tulo takana kubwera ndisanathokoze.

Atate wathu wakumwamba, Yehova wa makamu, Mulungu wa Abrahamu, wa Isake ndi wa Yakobo, Inu amene simuwodzera kapena kugona, tabwera pamaso panu usiku uno mumzinda wa Amman. Masiku asanu okha mwatiyendetsa m'dziko lino la mchenga ndi miyala, koma zimene maso athu aona sitingathe kuzisimba zonse ngakhale mutatipatsa chaka. Munatinyamula pa Lilongwe tili amoyo, munatiwolotsa pamwamba pa mitambo, palibe wadwala, palibe wasochera, palibe pasipoti yatayika. Si nzeru zathu, Ambuye, si ndalama za ana athu. Ndi chisomo chanu chokhachokha. Landirani ulemu, landirani matamando.

Tikuthokozani chifukwa cha mtsinje wa Yordano. Munatifikitsa ku Betaniya wa kutsidya, kumene Yohane ankabatiza, malo amene eni dziko amawatcha Al-Maghtas. Ndipo pomwepa ndiyambe kulapa ine. Nditauona mtsinjewo mtima wanga unagwa. Kuyambira ku Sande sukulu ndinkauyesa waukulu ngati Shire pa Liwonde, koma ndinapeza madzi amatope, opapatiza, akuyenda mwakachetechete pakati pa bango, moti mwana ataponya mwala ukagwera tsidya linalo. Ndinanena chamumtima kuti, kodi Yordano uja ndi ameneyu? Ngakhale Linthipe m'dzinja amaposa apa. Mawu a Namani enieni, uja ananyoza mtsinje womwewu n'kumatama Abana ndi Faripara, mitsinje ya kwawo ku Damasiko. Ndikhululukireni, Ambuye. Ndimakonda zazikulu, ndimakonda zooneka, pamene Mwana wanu wopanda tchimo anatsikira mumtsinje uwu pamodzi ndi ochimwa, kumwamba n'kutseguka.

Anzanga atatu anandituma madzi a Yordano m'botolo, wina wa nthenda ya shuga, wina wa banja losokonekera, wina wofunafuna mwana. Sindinatunge. Ndipatseni mawu achifundo okawauza, pakuti mavuto awo ndi enieni ndipo ndimawakonda. Koma dzudzulani, Yehova, dzudzulani onse amene amadyera masuku pamutu ana anu, ogulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta kwa amasiye ndi odwala n'kumati mphamvu ili m'menemo. Namani anachira chifukwa anadzichepetsa, namvera. Inu simukhala m'botolo. Anzanga atatuwa akhudzeni pomwe aliripo, pamphasa zawo, m'makhitchini mwawo, popanda kulipira tambala.

Ku Madaba, m'tchalitchi cha St George, munationetsa mapu opangidwa ndi timiyala tating'onoting'ono toyalidwa pansi, ntchito ya zaka za m'ma 500. Ndinawerama n'kuona tinsomba mumtsinje wa Yordano, ndipo kamodzi katatembenuka, kakubwerera kumtunda kuthawa Nyanja ya Mchere. Madzulo ake tinatsikira kunyanjako, malo otsikitsitsa pa dziko lonse, mamita oposa 400 pansi pa mulingo wa nyanja zikuluzikulu, makutu akutsekeka m'basi. Ndinali ndi kabala kakang'ono pachala, ndipo nditangoviika dzanja kanawawa ngati ndathirapo tsabola. Mchere wake ndi wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa wa nyanja zina, mulibe nsomba, mulibe ng'ona, mulibe msodzi. Ambuye, ana athu ambiri akuyenda ndi madzi kulowera kumene kulibe moyo, ku mowa, ku juga ya pafoni, ku chamba, ku ngongole za katapila. Atembenuzeni ngati kansomba kaja. Atembenuzeni akadali m'madzi okoma. Ndipo amene alowa kale, si Inu kodi munaonetsa Ezekieli mtsinje wotuluka m'Kachisi, ukuchiritsa nyanja yomweyi mpaka asodzi kuyanika makoka m'mbali mwake? Palibe chakufa chimene chakukanikani.

Kumbukirani ludzu la dziko lino. Tamva kuti madzi ambiri a Yordano amapatutsidwa kumtunda, kupita kuminda ndi kumizinda, ndipo Nyanja ya Mchere ikuphwa pafupifupi mita imodzi chaka chilichonse, nthaka ya m'mbali mwake n'kumagumuka maenje. Pamadenga onse a Amman taona matanki, chifukwa nyumba zambiri zimalandira madzi kamodzi pa sabata. Ife kwathu munatipatsa nyanja yaikulu ya madzi okoma, munatipatsa Shire, Bua, Ruo, Rukuru, koma timasiya mpopi ukudontha usiku wonse, tadula mitengo m'mapiri mpaka akasupe kuuma, tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Tichitireni chifundo. Mu 2024 tinalawa chilala, maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi, chimanga chinafota chisanabereke, ndipo tinalira kwa Inu. Musatilole kuiwala msanga. Gwetsani mvula pa mapiri a Moabu ndi Gileadi, gwetsaninso pa minda yathu pa nthawi yake, yosawononga, yosakokolola.

Tikuthokozani chifukwa cha Petra. Tinayenda mtunda woposa kilomita imodzi mumpata wa Siq, matanthwe ofiira ataima uku ndi uku mpaka kumwamba kumaoneka ngati kansalu kong'ambika, kenaka mwadzidzidzi Al-Khazneh n'kuonekera, nyumba yosemedwa m'thanthwe, kutalika pafupifupi mamita 40. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi ngalande zing'onozing'ono zimene a Nabataea, eni mzindawo akale, anasema m'mbali mwa mpatawo, kuti dontho lililonse la mvula lifike mumzinda. Ndinayendetsa dzanja m'menemo, mwala wake wosalala. Ndinu munawapatsa nzeru zimenezo. Analemera ndi malonda a lubani ndi mure, ngamila zikulowa ndi kutuluka, mpaka Aroma anatenga ufumu wawo m'chaka cha 106, chivomezi cha mu 363 n'kugwetsa zambiri, ndipo lero m'nyumba za mafumu muli mphepo ndi mbuzi. Dziko limeneli ndi la Edomu, uja munamuchenjeza mwa Obadiya kuti ngakhale akhale m'mapanga a thanthwe, ngakhale amange chisa chake pamwamba ngati chiwombankhanga, mudzamutsitsa. Atsogoleri athu amve zimenezi, Ambuye. A ndale amve, a mipingo amve, nanenso ndimve.

Dalitsani anyamata oyendetsa abulu ndi ngamila kumeneko, ndi amayi achi Bedouin ogulitsa mipango m'mbali mwa njira. Chiyambire nkhondo ya ku Gaza mu October 2023 alendo anachepa, ndipo mphika wawo umadalira alendo. Tontholetsani mfuti kutsidya kwa mtsinje. Pukutani misozi ya amayi a mbali zonse, pakuti misozi ya mayi woika mwana ilibe mtundu. Dziko losowa madzi lino lalandira othawa kwawo a ku Palestine kuyambira 1948, ndi a ku Syria amene ena akhala mumsasa wa Zaatari kuyambira 2012. Libwezereni, Yehova, pa kapu iliyonse ya madzi imene lagawira mlendo. Ndipo ife mutifewetse mitima pa abale athu a ku Dzaleka.

Nanga za Wadi Rum ndinene chiyani, Mlengi? Mchenga wofiira ngati katondo, mapiri atangodzuka okhaokha pakati pa chigwa, bata loti munthu kumva mtima wake ukugunda. Masana dzuwa linatiwamba, usiku kunazizira mpaka ndinafunda mabulangete awiri m'hema. Eni malo anatiphikira nyama ndi ndiwo zamasamba m'dzenje lokwiriridwa ndi mchenga, natithirira tiyi wotsekemera m'timatambula tating'ono, kuthira ndi kuthiranso, osatopa nafe. Kenaka anazimitsa nyali. Ha, Yehova! Nyenyezi! Ndakulira kumudzi kopanda magetsi, ndimati ndimazidziwa, koma izi zinali zothinana, zotsika, ngati ufa wotayika pa nsalu yakuda. Ndinu wamkulu. Ndinu woyera. Ndinu amene mumazitcha mayina zonsezo, imodziimodzi, osaphonya. Ndinu munatulutsa Abrahamu panja usiku n'kumuuza kuti awerenge ngati angathe. Ndinu munapeza Hagara m'chipululu thumba la madzi litauma, n'kumutsegula maso aone chitsime. Ndinu mtambo usana, ndinu moto usiku, ndinu mana a m'mawa, ndinu thanthwe lotuluka madzi, ndinu mthunzi m'dziko lotopetsa. Mapiri akutamandeni, mchenga ukutamandeni, ngamila ndi nkhandwe za m'chipululu zikutamandeni, ndi ife fumbi tikutamandeni. Aleluya, aleluya.

Phiri la Nebo ndalisiya kumapeto, Atate, ngakhale tinakwerako tsiku lachiwiri, chifukwa ndimaopa kulitchula. Abale, apa mundinyamule.

Mukudziwa Inu kuti ulendo uno sunali wanga. Unali wa malemu bambo a ana anga. Ndiwo ankatsegula mapu a kumapeto kwa Baibulo lawo, chala chikuyenda kuchokera ku Igupto, kudutsa Edomu, Moabu, mpaka pa Nebo, n'kumati tsiku lina tidzaimapo tonse awiri. Anaphunzitsa ana a eni moyo wawo wonse. Anagula puloti, anaumba njerwa, anawotcha uvuni kawiri woyamba utanyowa ndi mvula, ndalama za penshoni zonse zinapita ku malata ndi simenti. Nyumba inafoleredwa, zitseko zinaikidwa, tinagwirizana zosamuka tikakolola. Sanagonemo ngakhale usiku umodzi. Munawatenga.

Ndikuulula pamaso panu ndi pamaso pa abale awa: zaka zitatu ndakhala nditakukwiyirani. Ndavala yunifolomu yoyera, ndatsogolera nyimbo pamaliro a anthu ena, ndauza amasiye anzanga kuti Mulungu salakwitsa, koma mumtima ndinali nditakutsekerani chitseko. Makiyi a nyumba ija ali m'chikwama changa mpaka lero, udzu wamera pakhomo, ndipo ana akandifunsa ndimanamizira miyendo. Mwana wanga wamkazi atanditumizira ndalama za ulendo uno kuchokera ku Britain kumene amagwira unamwino, ndinavomera ndi pakamwa, mtima ukuti ndikaonenji ndekha.

Tinafika pamwamba paja mphepo ikuwomba. Pafupi ndi tchalitchi pali mtanda wachitsulo wozengedwa ndi njoka, wokumbutsa njoka yamkuwa ya Mose ndi Mwana wa munthu wokwezedwa. Ndinaima pamenepo Baibulo la malemu lili m'manja. Kumunsi kunali Nyanja ya Mchere ikung'anima, chigwa cha Yordano, ndi Yeriko akuoneka kubiriwira pakati pa fumbi. Pafupi kwambiri, Ambuye. Mose, munthu wa zaka 120, maso akuthwa, mphamvu zosatha, akanatsetsereka n'kufika. Zaka 40 akusenza anthu odandaula, ndipo Inu munati uone ndi maso, koma suwoloka. Ndinatsegula Deuteronomo 34 ndili wokonzeka kukutsutsani. Ndipo pa tsamba lomwelo, pamene malemu anadula mzere ndi bolopeni yofiira ya kusukulu, ndinawerenga zimene ndakhala ndikuzidumpha: kuti munamuonetsa dzikolo ndinu, kuti munayankhula naye ndinu, kuti munamuika m'manda ndinu, m'chigwa cha Moabu, ndipo palibe munthu adziwa manda ake. Simunatume mngelo. Mose sanafere yekha paphiri. Ndiye kuti usiku uja m'chipatala, pamene ine ndinatuluka kukatunga madzi n'kubwera nditapeza atapita, sanali okha. Munalipo. Ndinakhala pansi pa mwala n'kulira ngati maliro achitika dzulo, ndipo dalaivala wathu, Msilamu, anaima chapatali atagwira botolo la madzi, kudikira mpaka nditamaliza. Mudalitseni bambo ameneyo ndi banja lake.

Sindinamvetse zonse, Atate, ndipo sindinama kuti ndamvetsa. Funso lija likadalipo. Koma chitseko ndatsegula. Lowani. Ndikhululukireni mkwiyo wanga, ndikhululukireni chinyengo cha milomo yanga, ndisambitseni, ndiyeretseni, musandichotsere Mzimu wanu.

Tikupempherera onse amene aima pa Nebo wawo usiku uno. Amene anaphunzitsa mwana mpaka ku koleji n'kumuika m'manda asanalandire malipiro oyamba. Amene anabzala koma akukolola ndi ena. Amene adikira ntchito, adikira mwana, adikira machiritso, akuona anzawo akuwoloka iwo ali tsidya lino. Imani nawo pafupi. Agwireni dzanja. Musawasiye, musawataye, musakhale chete kwa iwo. Muwayankhule monga munayankhulira ndi mtumiki wanu, pamaso ndi pamaso.

M'dziko lomwe lino, ku Moabu, Naomi anaika mwamuna ndi ana awiri, nabwerera kwawo akuti musanditchenso Naomi, nditcheni Mara. Koma munamufikitsa ku Betelehemu poyamba kukolola balere, ndi Rute pambali pake. Inenso mawa ndikunyamuka m'dziko lino kubwerera kwathu. Tiperekezeni pa msewu wa ku bwalo la ndege, khalani ndi oyendetsa ndege, sungani katundu wathu, limbitsani miyendo yangayi yatupa ndi kuyenda. Ndipo ndikafika, Ambuye, ndipatseni mphamvu ndiitane ana ndi adzukulu, tikalambule udzu uja pakhomo, ndilowetse kiyi pachitseko ndi dzanja langa, ndigone m'nyumba imene mtumiki wanu anamanga.

M'dzina la Yesu Khristu, Mpulumutsi wathu, amene anabatizidwa mu Yordano. Amen.