Abambo, Lekani Kudzibaya Jakisoni wa Testosterone Musanayezetse Magazi

Sabata yathayi ndinaitanidwa monga nkhoswe kukamva mlandu wa banja la mwana wa mchemwali wanga, ndipo zimene ndinamva kumeneko zandisowetsa tulo mpaka lero. Banjali latha zaka zitatu lopanda mphatso, ndipo zaka zonsezo chala chinkaloza mkazi. Apongozi ake anamunyoza, anamumwetsa zitsamba zamitundumitundu, namuyendetsa kwa asing'anga ndi kumapemphero a usiku. Onse awiri atakakamizidwa kupita kuchipatala, mkazi anapezeka wabwinobwino, koma mu umuna wa mwamuna munalibe mbewu ndi imodzi yomwe. Dokotala atamufunsitsitsa, m'pamene anaulula kuti chiyambire pamene ankagwira ntchito ku Johannesburg wakhala akudzibaya yekha jakisoni wa testosterone, homoni yachimuna, amene amagula kwa mnzake wonyamula naye zitsulo. Uyutu ndi munthu wa zaka 32, amene sanayezetsepo magazi ngakhale kamodzi kuti aone ngati thupi lake likusowadi homoni imeneyi.

Kodi abambo inu, nzeru zapita kuti? Timabotolo ta testosterone totchedwa Sustanon 250 tikuyenda m'zikwama ngati switi, tikutsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo munthu wamkulu wandevu zake akukhulupirira mnyamata wa kujimu kuposa dokotala amene anakhala zaka zambiri pasukulu. Wina akangotopa masiku awiri, akuti mphamvu zachimuna zatsika. Wina akalephera kuchipinda usiku umodzi atamwa mowa tsiku lonse, mawa lake ali kale pafoni kufunafuna jakisoni, poopa kuti anzake angamuseke kuti wagwa mu mpapaya. Winanso palibe chimene chikumuvuta, akungofuna chifuwa chotambalala kuti aziyamikiridwa pa chithunzi. Ndani anakuuzani kuti homoni ndi gondolosi woti n'kumatafuna pamene mtima wafunira?

Mankhwalawa ali ndi eni ake, ndipo amenewo sindikuwadzudzula. Alipo abambo amene machende awo, mundikhululukire potchula, anavulala kapena anachotsedwa, ena amene kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary sikagwira bwino ntchito, ndi ena obadwa ndi vuto la Klinefelter, limene limalepheretsa machende kukula bwino. Oterewa dokotala amawayeza magazi m'mawa, nthawi imene testosterone imakhala yokwera, ndipo amabwereza tsiku lina asanalembe chilichonse. Akayamba kulandira jakisoni wa testosterone wotchedwa Nebido, amabayidwa ndi namwino kamodzi pa masabata 10 mpaka 14, pang'onopang'ono, ndipo amabwerera kukapimidwa magazi ndi prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, kwa nthawi yonse imene ali pa mankhwalawa. Nanga inu odzibaya m'bafa sabata iliyonse, ndani akukupimani?

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi nkhani ya kubereka imeneyi. Mukalowetsa testosterone ya m'botolo, ubongo umaona kuti yakwana, nuleka kulamula machende kugwira ntchito yawo; amafota, ndipo mbewu zimachepa mpaka kutheratu. Zimenezi si zachilendo ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafalitsa mu 1990 zotsatira za kafukufuku amene anabaya abambo mtundu wa testosterone wotchedwa enanthate sabata ndi sabata pofuna kuona ngati ingakhale njira yolera ya amuna, ndipo ambiri mwa iwo mbewu zinawathera. Ndiye kuti mphwanga ameneyu ankadzibaya mankhwala olera ndi dzanja lake, kwinaku akulola kuti mwana wa eni ake atukwanidwe kuti ndi chumba. Ndinamuyang'ana mkaziyo akulira mwakachetechete pamphasa, ndipo ndinachita manyazi m'malo mwa mtundu wathu wonse. Ambiri akasiya, mbewu zimabwerera patapita miyezi, ena chaka kapena kupitirira, koma zaka zitatu za chitonzo ndani adzamubwezera?

Zoopsa zake sizithera pamenepo. Jakisoniyu amalimbitsa magazi, ndipo magazi olimba ndiwo amaundana n'kutseka mitsempha, munthu n'kufa ziwalo ali pakati pa ntchito. Amakweza kuthamanga kwa magazi, amameretsa mabere pachifuwa cha mwamuna ndi ziphuphu kumsana, ndipo kwa bambo amene ali ndi khansa ya prostate koma sakudziwa, amakhala ngati wathira mafuta pamoto. Kodi mumadziwa chimene chili m'botolo logulidwa m'chikwama cha munthu, lopanda chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA? Kodi mwaiwala maliro amene tinaika m'dziko muno chifukwa cha Edzi, kuti lero anyamata atatu azibwerekana singano imodzi kuseri kwa jimu? Matenda a chiwindi a hepatitis B nawonso amadutsa pa singano yomweyo.

Inunso anzanga a imvi musaganize kuti ndakusiyani. Ngakhale ku America, kumene mankhwalawa amatsatsidwa kwambiri, bungwe loona za mankhwala la FDA linachenjeza mu 2015 kuti testosterone inavomerezedwa kwa odwala matenda odziwika, osati kwa munthu amene homoni yatsika chifukwa cha ukalamba chabe. Kufooka kwanuko kawirikawiri kumachokera ku matenda a shuga, kunenepa, mowa, kusagona ndi nkhawa za ngongole, ndipo mukakubisa ndi jakisoni, shuga akupitiriza kukudyani mkati mosadziwika. Safunsa anadya phula, koma inu mukuchita kuligula ndi ndalama zimene ana akusowa za fizi.

Ngati mukuona kuti thupi lasintha, chipatala chilipo. Pitani m'mawa mukayezetse, ndipo mukamuuze dokotala zonse zimene mwadzibaya kale. Ngati simungathe zimenezo, tayani timabotolo timeneto lero, ndipo musadzayerekezenso kuloza chala mkazi wanu.