Ku Joni nyumba yachiwiri imabwera ndi omasulira, kuno kumangobwera mapepala a Chingelezi

Nkhani yobwezeretsa Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo, yabukanso m'magulu a WhatsApp a kuno ku Mangochi, ndipo chondiwawa n'chakuti tonse tikulimbirana mipando: mafumu akhale angati, amayi angati, alawansi ikhale ndalama zingati. Palibe amene akufunsa kuti nyumbayo adzaigwirira ntchito ndani. Chikhalirecho, masiku omwe ano taonanso zimene timaona chaka ndi chaka. Galimoto zochokera ku Lilongwe zadutsa pa boma kulunjika kumahotela a m'mbali mwa nyanja, akuti adzamva maganizo a anthu. Mapepala onse m'Chingelezi, womasulira ndi mnyamata wongotoledwa pomwepo poti anafika Fomu 4, chimkuzamawu chimodzi cholira ngati njuchi, pamene asodzi amene nkhaniyo ikuwakhudza ali kuseri kwa mpanda kuyanika usipa pathandala.

Inu amene munakhalako ku Joni, ndipo kuno palibe mudzi wopanda mwana wake kumeneko, mukudziwa kuti anzathu sachita choncho. Nyumba yawo yachiwiri, National Council of Provinces, inayamba mu 1997 kulowa m'malo mwa Seneti. Ili ndi nthumwi 90, khumi kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 9. Mwa khumiwo, 6 amakhala ku Cape Town nthawi zonse, 4 amabwera malinga ndi nkhani imene ili pa tebulo. Makhonsolo nawo ali ndi anthu awo 10 amene amayankhula koma savota. Koma chimene ndikusirira ine si chiwerengero chimenechi ayi. Ndikusirira gulu limene silioneka pa TV: makalaliki, omasulira, olemba Hansard (buku la zonse zoyankhulidwa m'nyumbamo), a zachitetezo, a zamaulendo, a zamwambo.

Taonani mmene amachitira pa ndondomeko yawo ya Taking Parliament to the People, imene inayamba mu 2002. Nyumba yonse imasamuka kupita kudera lakutali kwa pafupifupi sabata. Isanasamuke, makomiti ndi ogwira ntchito amatsogola kukaona zipatala, masukulu ndi mipope, n'kulemba lipoti, kuti nthumwi zikamafika zikhale zikudziwa kale pamene pakuvuta. Sabata yeniyeniyo anthu amatengedwa pa mabasi, amalembetsa maina pakhomo, amaima pa mzere wa chimkuzamawu n'kuyankhula chiyankhulo cha makolo awo, nduna zili pomwepo kuti ziyankhe. Tsiku lomaliza nyumba imakhala mwamwambo wake wonse, ndipo kawirikawiri Pulezidenti kapena wachiwiri wake amabwera kudzayankhula. Pakapita nthawi amabwereranso kudzanena kuti zimene munadandaula zija, ichi chachitika, ichi sichinachitike. Kubwererako n'kumene kumasiyanitsa kumva maganizo ndi kudzangodya chambo.

Tiyeni tikhazikike pa kumasulira, poti m'pamene ife timagwera. Kumasulira kuli pawiri. Kwina woyankhula amanena mawu pang'ono, n'kuima, womasulira n'kubwereza. Ndi kumene tinazolowera ku tchalitchi, ku mzikiti ndi pa misonkhano ya ndale. Kwina womasulira amakhala m'kachipinda kosatulutsa phokoso, atavala zomvera m'makutu, n'kumamasulira nthawi yomweyo pamene winayo akuyankhula, omvera n'kusankha tchanelo cha chiyankhulo chawo. Kusiyana kwake ndi masamu chabe. Mukapatsa munthu aliyense mphindi 3 pa msonkhano wa maola 3, ayankhula anthu 60. Mukamaimitsa kuti wina abwereze, nthawi imadyeka pakati, atsala 30. Mukati Chingelezi chipite ku Chichewa kenako ku Chiyao, monga ziyenera kukhalira kwa Jalasi kapena kwa Makanjira, atsala 20. Ndiye wapampando amayamba kuyang'ana wotchi, n'kunena kuti ayankhule oimira mabungwe okha, amene amadziwa kale Chingelezi. Mayi amene anayenda wapansi kuchokera m'mawa amabwerera ndi mawu ake m'mimba.

Ndipo kumasulira kwa nthawi yomweyo si ntchito ya munthu mmodzi. Mutu umatopa msanga, n'chifukwa chake omasulira amakhala awiriawiri m'kachipinda, kusinthana pakatha mphindi 20 kapena 30, winayo akulembera mnzake manambala ndi maina papepala. Chichewa ndi Chiyao ndiye kuti anthu 4, n'kuwonjezerapo a chiyankhulo cha manja awiri, ndi katswiri wa makina mmodzi woyang'anira mabatire ndi matchanelo. Ayenera kulandira bilu masiku angapo m'mbuyo kuti agwirizane mawu. Popanda zimenezi, mawu amodzi a zamalo kapena zamsonkho amatuluka m'njira zitatu pa tsiku limodzi, anthu n'kuvomera chinthu chimene sichili m'biluyo. South Africa ili ndi ziyankhulo 12 zovomerezeka, cha manja chinawonjezeredwa mu 2023, ndipo Nyumba ya Malamulo ili ndi nthambi yolembedwa ntchito ya ziyankhulo. Kuno gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limati wofuna uphungu adziwe kuyankhula ndi kuwerenga Chingelezi mokwanira kutenga nawo mbali. M'malo molemba ntchito omasulira, tinasankha kusefa anthu pakhomo.

Chachiwiri ndi cholembera. Mawu amene sanalowe mu Hansard kapena mu lipoti la komiti ali ngati madzi othira pamchenga. Olemba Hansard amagawana zojambulidwa m'zidutswa za mphindi zochepa, aliyense n'kulemba chake, mkonzi n'kulumikiza, chifukwa ola limodzi la mawu limatenga maola angapo kuti lilembedwe bwino. Pambali pake pamakhala wina wolemba kuti wayankhula ndani, nthawi yanji, wochokera mudzi uti. Chimalakwika n'chiyani? Magetsi akazima ndipo jenereta ilibe dizilo, makina ojambulira amaima, ndipo palibe amene amazindikira mpaka madzulo. Anthu awiri akamayankhula pa chimkuzamawu chimodzi osatchula maina, wolemba sadziwa kuti mawuwa ndi a ndani. Mawu a Chiyao akapanda kujambulidwa pa tchanelo chawochawo, chimene chimasungidwa ndi zimene womasulira anamva, osati zimene agogo ananena.

Ku Joni makalaliki ali ndi mtolo wina umene ife sitinauganizepo n'komwe. Pa mabilu okhudza zigawo, amene amayenda pansi pa gawo 76 la malamulo awo, chigawo chilichonse chili ndi voti imodzi, ndipo bilu imadutsa zigawo 5 zikavomera. Nthumwi sizivota za m'mutu mwawo. Nyumba ya malamulo ya chigawo imakambirana, imamva anthu, n'kutumiza kalata yolamula nthumwi zake zoyenera kukambirana, kenako ina yolamula mmene zivotere. Ndondomeko yonseyi imapatsidwa sabata zowerengeka. Kalata ikachedwa, kapena ikasainidwa ndi munthu wosayenera, voti ya chigawo chonse imakhala pa chiswe. Khoti lawo lalikulu la zamalamulo oyendetsera dziko lakhala likugwetsa malamulo chifukwa choti anthu sanamvedwe mokwanira, kuyambira pa mlandu wa Doctors for Life mu 2006. Choncho kalaliki wa kumeneko amadziwa kuti kulephera kulengeza msonkhano pa wailesi ya m'dera kukhoza kupha lamulo lonse.

Za mwambo nazo musazipeputse. Ife tili ndi ndodo ya Sipikala imene Sergeant-at-Arms amanyamula potsogolera Sipikala, ndipo popanda ndodoyo nyumba siyingakhale. Nyumba yachiwiri ya ku Joni ili ndi yakeyake, Black Rod, imene amanyamula ndi Usher of the Black Rod. Imene akugwiritsa ntchito panoyi anaikhazikitsa mu 2005: anaipanga ngati chibonga, kumutu kwake kuli duwa la protea, ndipo nyumba ikamakambirana ndodoyo imaimikidwa m'ng'oma, poti kwathu kuno ng'oma ndi imene imaitana anthu ku bwalo. Wonyamula ndodoyo ndi yemweyo amene amasunga bata m'nyumbamo ndi kulandira alendo olemekezeka. Tsono ganizirani Seneti yathu yokhala ndi mafumu. Ndani alowe poyamba pakati pa Paramount Chief, Senior Chief ndi mfumu yandodo imene yasankhidwa ndi mafumu anzake kuimira boma lonse? Nduna za mfumu zikhala pati? Amene anaonapo mwambo ukuima ola lathunthu chifukwa mpando wa mfumu waikidwa kumbuyo kwa wa khansala adziwa kuti si nkhani yamasewera. Pamafunika buku la ndondomeko lolembedwa, ndi munthu amene ntchito yake ndi imeneyo basi.

Pano ndivomere, anzathuwo si angelo. Pa 2 January 2022 moto unawononga chipinda cha National Assembly ku Cape Town, mipope yozimitsira moto osagwira ntchito, mpaka aphungu kumakakumana m'zipinda zongobwereka ndipo Pulezidenti kukayankhulira dziko ku City Hall. Kumeneko n'kulephera kwa ntchito zomwezi zimene ndikuyamikira, chitetezo ndi kusamala nyumba. Ife nyumba yathu ya ku Lilongwe, imene inamangidwa ndi thandizo la China n'kutsegulidwa mu 2010, ikadali chiimire. Ndivomerenso kuti kusamutsa nyumba yonse ndi matenti, mabasi ndi zakudya ndi ndalama zimene thumba lathu silingapirire kawirikawiri, ndipo matchona ambiri akuuzani kuti malonjezo ena a pa misonkhano ija amathera m'malipoti. Koma ngakhale zili choncho, munthu wa ku Limpopo amadandaula m'Chivenda ndipo mawu ake amalembedwa.

Zimbabwe ndi imene imandibaya kwambiri. Seneti yawo, imene inabwerera mu 2005, inapatsidwa mipando 80 m'malamulo a 2013: 60 ya zipani, 18 ya mafumu, 2 ya anthu olumala. Sanapange maofesi awiri. Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ndi mmodzi wa nyumba zonse ziwiri, ndipo ku nyumba yatsopano ya ku Mount Hampden zipinda ziwirizo zili pansi pa denga limodzi. Mafumu amayankhula Chishona ndi Chindebele m'menemo. Ndipo malamulo awo a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Chichewa chathu chomwechi, chili m'malamulo a eni ake, pamene kwawo kuno chimaima pakhomo la Nyumba ya Malamulo. Ena akuti Seneti ya kumeneko imangodinda chidindo pa zimene chipani cholamula chafuna, ndipo sindikutsutsa kwambiri.

Ena otizungulirawa nkhani yawo njaifupi. Zambia ilibe Seneti, ili ndi House of Chiefs ya mafumu 50, asanu pa chigawo, imene imangolangiza. Kuseri kwa Chiponde, Mozambique ili ndi nyumba imodzi ya aphungu 250, zonse m'Chipwitikizi, ndiye abale athu a ku Mandimba ali m'bwato limodzi ndi ife. Tanzania nayo ili ndi nyumba imodzi, koma ku Dodoma amakambirana m'Chiswahili, mlimi n'kumamva yekha pa wailesi.

Seneti yathu inalembedwa m'malamulo a 1994 ndi mipando 80: mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo ya boma lililonse, mfumu imodzi pa boma lililonse, pa nthawiyo maboma ali 24, ndi ena 32 ochokera ku magulu a amayi, olumala, azaumoyo, amaphunziro, alimi, amalonda, ogwira ntchito ndi azipembedzo. Siinakhalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001, pa ulamuliro wa a Bakili Muluzi, inachotsedwa, chifukwa chachikulu chimene chinkanenedwa chinali cha ndalama. Kuchokera pamenepo aphungu achoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, ndiye ndalama za mipando zimapezeka. Zimene sizipezeka ndi za kachipinda ka omasulira.

Amene mukufuna Seneti, bwerani ndi bajeti ya anthu awa poyamba: makalaliki a pa tebulo la kutsogolo kwa wotsogolera nyumba, kalaliki ndi wofufuza pa komiti iliyonse, loya wolemba zosintha m'mabilu, olemba Hansard odziwa Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi Chisena, wonyamula ndodo ndi gulu lake, ndi ofesi yoyendetsa makalata pakati pa nyumba ziwirizo kuti bilu yobwezedwa isasochere. Zina monga malipiro, kugula katundu ndi galimoto zikhoza kukhala pansi pa Parliamentary Service Commission yomwe ilipo kale, monga ku Zimbabwe ofesi imodzi imatumikira nyumba zonse ziwiri.

Ndipo wokonza kalendala akhale wodziwa Mangochi. Msonkhano wa Lachisanu masana kuno ndi wa mipando yopanda anthu, onse ali ku mzikiti. M'mwezi wa Ramadan ndondomeko ya chakudya ndi nthawi yotsekera zimasintha, ndipo nyama ikhale ya halaal. Mu October tenti yopanda mbali zotsegula sakhalamo munthu ikakwana 11 koloko. Nthawi ya dzinja anthu a kwa Makanjira ndi kwa Katuli auzidwe kudakali sabata ziwiri kudzera pa wailesi ya m'dera ndi kwa magulupu, ndipo galimoto yokawatenga inyamuke dzulo lake, chifukwa mitsinje ya m'njira imeneyo ikadzaza palibe amene amawoloka.