Mtengo ukatsika ku fakitale, woluza ndi mwini golosale

Mayi anga aang'ono ali ndi golosale ku Ndirande, ndipo katundu amapikula ku maholoselo a ku Limbe. Tsiku lina anaoda zigubu za mafuta ophikira za malita 20 ndi pafupifupi mpamba wawo wonse, koma sabata isanathe kampani yopanga mafutawo inalengeza kuti yatsitsa mtengo. Ogula anamva pa wailesi, moti aliyense wofika pagolosalepo ankafuna mtengo watsopano, ndipo ena anawanena kuti ndi akuba, chonsecho lisiti lawo linali la mtengo wakale.

Wamalonda wamng'ono akakumana ndi zotere, njira zake zimakhala zochepa. Ena amakakamira mtengo wakale mpaka katunduyo atatha, koma makasitomala amathawira kwa mnzawo amene wapikula dzulo. Ena amasakaniza katundu wakale ndi watsopano n'kupeza mtengo wapakati, pomwe ena amayeza mafutawo m'timachubu ta pulasitiki kuti phindu libwere pang'onopang'ono. Mayi anga anagulitsa moluza, chifukwa lendi ndi ngongole ya banki m'khonde sizidikira, komanso mafuta ali ndi tsiku lothera ntchito.

Sindikubisa kuti amalonda nawonso ali ndi mlandu. Mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, tinaona masitolo ena akukweza mitengo ya katundu yemwe anali kale m'mashelefu, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission linachita kulowererapo. Wogula amene anaona zimenezo n'zomveka kuti lero sakhulupirira akauzidwa kuti katunduyu ndi wakale.

Komabe, amene amadziwa tsiku lotsitsa mtengo ndi wopanga katundu, pamodzi ndi maholoselo akuluakulu omwe amayamba kumva nkhaniyo n'kuthamangitsa katundu wakale kwa anthu osadziwa kanthu. Maganizo anga ndi akuti kampani ikatsitsa mtengo, izibweza ndalama yosiyanayo pa katundu amene sanagulitsidwe, potengera malisiti a masabata awiri kapena atatu apitawo, ngakhale pongochotsera pa oda yotsatira. Pa malonda a mafoni ndi makompyuta m'maiko ena, opanga katundu amachita zimenezi ndi owagulitsira. Magalimoto a makampani opanga mafuta ophikira amazungulira kale ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni kukasiya katundu, choncho kuwerenga zigubu zotsala m'golosale si ntchito yoti ingawakanike.