Anyamata a njinga zamoto, matayala amenewo akuphani

Ena a inu ndalankhula nanu pamaso, koma mumangoseka n'kuliza njinga. Ndiye ndilembe pano, kapena makolo anu angawerenge n'kukudzudzulani.

Sabata yatha ndinaona mnyamata wa kabaza atamanga matumba awiri a chimanga pakaliyala, mayi wobereka mwana atapanikizika pakati, ulendo wotsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Ndinawerama kuyang'ana tayala lakumbuyo. Pakati pake see ngati chikhatho, m'mbali muli ming'alu, pena ulusi ukusuzumira. Nditamufunsa za mpweya, anangoligunda ndi phazi n'kunena kuti, "Lili bho, madala." Phazi linayamba liti kukhala geji yoyezera mpweya?

Ana inu, tayala lili ndi malire, ndipo analemba pambali pake. Mukaona 3.00-18 52P, 52 ameneyo akunena kuti tayalalo lisapitirire makilogalamu 200, komanso likhale lopopedwa bwino. Tawerengani nokha. Matumba awiri ndi makilogalamu 100. Onjezani inu mwini, wokwera, ndi njinga imene payokha imaposa 100, ndipo zambiri mwa zimenezi zimatsamira kumbuyo. Mwapyola kale musanachoke pasiteji.

Chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mpweya, chifukwa siifuna ndalama zambiri. Tayala lofooka likasenza katundu limapindika m'mbali pa kuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha, ndipo pa phula lamoto la mwezi wa Okutobala chubu sichichedwa kugonja. Mukagunda dzenje, limu imatsina chubu n'kuchiboola pawiri. Kumtunda mungapulumuke, koma pamtsetse, pakona, mutagwira mabuleki ndi katundu yense uja? Chakudza sichiyimba ng'oma. Yezani mpweya m'mawa tayala lisanatenthe, ndi geji. Opanga njinga amapereka manambala awiri, ya munthu mmodzi ndi ya njinga yosenza, ndipo pa njinga zambiri kapepala kake kamakhala pafupi ndi tcheni. Musachotsenso mpweya pakati pa ulendo poti tayala lalimba ndi kutentha, chifukwa likazizira mudzalipeza lafota.

Za matayala akaunjika nazo ndinene. Mumasangalala kuti mizere ikuoneka, osafunsa zaka. Funani pambali pa tayala manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. A Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, likafika 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Mphira umauma. Ndipo m'kati mwa mizere muli timapiri tating'ono, pambali analembapo TWI. Tayala likadyeka mpaka kufanana ndi timeneti, latha ntchito. Mvula yoyamba ikagwa pa phula lafumbi ndi mafuta, madzi adzasowa potulukira ndipo njinga idzakuthawani pansi. Chubu cha zigamba zisanu ndi chimodzi musachiikenso kumbuyo.

Ndikudziwa kuti bwana mwini njinga amafuna yake madzulo alionse, ndipo tayala latsopano ladula. Inunso mabwana, manyazi akugwireni potumiza mwana wa mnzanu pamsewu ndi tayala lotere.

Mayi uja ndinamupempha kuti atsike adikire njinga ina. Anatsika. Mnyamatayo ananditukwana kuti ndamuthawitsira kasitomala, n'kuloza kumtsetse ndi matumba ake awiri, tayala litaphwatalala pansi.