Musanasankhe purosesa, yambani mwaganiza za magetsi a m'nyumba mwanu

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa za kompyuta yomwe ndimakonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ena mukufuna kudziwa sitolo yomwe ndinaigula. Sindinagule yathunthu ayi. Ndinagula zipangizo zake chimodzichimodzi n'kuzilumikiza ndekha patebulo la pabalaza m'chaka cha 2022. Tsono poti angapo mwanena kuti mukufuna kuchita chimodzimodzi, ndati ndilembe pano kuti aliyense awerenge, chifukwa funso lomwe nonse mumayamba nalo ndi lomwe inenso ndinayamba nalo, ndipo linandilowetsa m'mavuto.

Aliyense amafunsa kuti agule purosesa iti (ubongo wa kompyuta), kapena graphics card iti (chipangizo choyendetsa zithunzi za pa sikirini). Mpaka lero sindinalandirepo uthenga wa munthu wofunsa za power supply, kabokosi kachitsulo kaja kokhala pakona ya kesi (bokosi la kompyuta) komwe waya wochokera kukhoma amalowa. Ine ndikuti kwathu kuno kabokosi kameneko ndi UPS, bokosi la batire lokhala pakati pa soketi ya kukhoma ndi kompyuta, ndiye zoyamba kulemba pa bajeti, zina zonse zibwere pambuyo.

Mukukumbuka momwe 2022 inalili. Mu Januwale namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse. Mu Meyi ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kukwera tikuona. Ndalama zomwe ndinasunga chaka chathunthu zinafota m'manja. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anali atandigulira kale purosesa ya Ryzen 5 5600G, motherboard ya B550 (bolodi lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo), RAM ya magigabaiti 16 (memore yogwirira ntchito) ndi SSD (chosungira mafailo), n'kuzitumiza pa basi. Zotsala zinali kesi ndi power supply, ndipo m'thumba munali mutapepuka. M'sitolo ina mutauni ndinapeza kesi yogulitsidwa pamodzi ndi power supply yake, pambali palembedwa 500W, mtengo wake wochepera theka la power supply yodziwika payokha. Ndinaona ngati mwayi wandigwera.

Inagwira ntchito miyezi iwiri. Tsiku lina madzulo magetsi anathima ndili pakati pa vidiyo ya ukwati wa anthu, ndipo ndinakagona osazula pulagi kukhoma. Atabwera pakati pausiku ndinangomva kuti phuu, kenako fungo la pulasitiki yopserera linadzaza pabalaza. Power supply inapsa, ndipo popsapo inatenga ndi motherboard yomwe. Mwachisomo purosesa ndi SSD zinapulumuka, moti zithunzi za eni ukwati sizinatayike, koma ndinakhala masabata asanu ndi limodzi ndikubwereka laputopu ya mnzanga, ndikupepesa makasitomala pafoni, ndikudikira motherboard ina kuchokera ku Joni. Ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa ndinailipira kanayi.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti ndinachita kufufuza mtima ukuwawa. Magetsi a kukhoma kwathu kuno ndi a AC, mavoti 230. Zipangizo za mkati mwa kompyuta sizidya amenewo. Zimafuna a DC ochepa kwambiri, mavoti 12, 5 ndi 3.3, ndipo ntchito ya power supply ndi kusandutsa magetsiwo n'kugawira chipangizo chilichonse. Ndiye chitsime chomwe mudzi wonse umamwapo. Yopangidwa bwino imakhala ndi zoteteza mkati, moti magetsi akachuluka mwadzidzidzi kapena mawaya akagundana imazizimitsa yokha zinthu zisanapse. Zotchipa zambiri zimene zimabwera ndi kesi zilibe zimenezi, ndipo nambala yolembedwa pambali ija kawirikawiri ndi yongokopera ogula.

Pali njira yozigwirira bodza. Pa chomata cha pambali fufuzani mzere wolembedwa +12V, chifukwa purosesa ndi graphics card zimadya kuchokera pamenepo. Tengani nambala ya ma amp yomwe ili pansi pake muchulukitse ndi 12. Pakalembedwa 18A, ndiye kuti mawati ake ndi 216 basi, ngakhale pamwamba palembedwe 500W ndi zilembo zofiira zikuluzikulu. Power supply yeniyeni ya 550W imapereka pafupifupi mawati onsewo pa mzere wa 12V womwewo. Inyamuleninso m'manja: yabwino imalemera, yachinyengo imapepuka ngati chitini chopanda kanthu. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze chimasonyeza kuti siitaya magetsi ambiri ngati kutentha, ndipo ngakhale sichilonjeza kuti chilichonse mkatimo ndi changwiro, chimakuuzani kuti inayesedwapo. Onaninso zaka za waranti. Kampani yopereka zaka zisanu imakhala ikudalira chomwe yapanga.

Kenako UPS. Ena amaganiza kuti ndi yoti muzigwirira ntchito magetsi akathima, n'kukhumudwa ikatha pa mphindi khumi. Ntchito yake si imeneyo. Imakupatsani mpata woti musunge zomwe mumachita n'kuzimitsa kompyuta mwaulemu, ndipo yokhala ndi AVR imawongola magetsi akabwera ofooka, nthawi zija babu limangofiira ngati khala. Samalani ndi manambala: amalemba VA, osati mawati, ndipo UPS ya 1000VA nthawi zambiri imanyamula mawati pafupifupi 600. Batire la mkati limatopa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, msanga ndithu kumalo otentha ngati ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma limasinthika, simufunika kutaya UPS yonse.

Chinanso chomwe ambiri okhala m'nyumba za lendi sitichilabadira ndi waya wa earth, wotayira magetsi osokera m'nthaka. Pulagi yathu ili ndi mano atatu, ndipo lalitali lapamwamba lija ndi la earth, koma m'nyumba zambiri kuseri kwa soketi kulibe waya wolumikizako. Mukakhudza kesi yachitsulo n'kumva kunyerenyetsa m'zala, chimenecho ndi chizindikiro. Popanda earth, ngakhale adaputala yodula yoteteza magetsi siigwira ntchito yake mokwanira. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito aone, ndipo kambiranani ndi alandilodi mwaulemu. Nyengo ya mvula ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi, osangozimitsa switch.

Ndikudziwa ena anena kuti, nanga achimwene, ndalama zikathera ku power supply ndi UPS, kompyuta yamphamvu ichokera kuti? Apa ndiye pali ubwino womanga wekha. Simufunika kugula zonse lero. Ine ndinasankha 5600G chifukwa ili ndi graphics mkati mwake momwe, moti ndinagwira ntchito chaka ndi theka popanda graphics card, n'kudzaigula ntchito zitayamba kubweretsa kangachepe. Ili ndi ma core asanu ndi limodzi, imabwera ndi fani yake m'bokosi, ndipo siidya magetsi ambiri, zomwe zimathandizanso UPS. Koma chenjerani ndi zilembo zakumapeto. Ryzen 5 5600 yopanda G ilibe graphics, chimodzimodzi mapurosesa a Intel othera ndi F. Mukagula amenewo popanda graphics card, sikirini ingokhala bii, inu n'kumaganiza kuti mwawononga chinachake.

Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani yoti zipangizo zigwirizane mwambiwu ndi woona kwambiri, makamaka kwa ife amene katundu wathu amayenda masiku pa basi ndipo kubweza n'kovuta. Purosesa iliyonse ili ndi soketi yake, malo omwe imakhala pa motherboard. Ma Ryzen 5000 amalowa pa AM4, ma Ryzen 7000 pa AM5 yomwe inatuluka mu 2022, ndipo Intel ya m'badwo wa 12, 13 ndi 14 imalowa pa LGA 1700. AM5 imafuna RAM ya DDR5 yokha, AM4 ya DDR4 yokha, pomwe ma motherboard a LGA 1700 alipo a DDR4 ndi ena a DDR5, ndiye muwerenge bwino dzina lonse. Timitengo ta DDR4 ndi DDR5 timaoneka ngati tofanana koma kampata kapansi kali pamalo osiyana, sitingalowe malo a kanzake. Ma motherboard akale a B450 ena amafuna kuti BIOS, pulogalamu ya mkati mwa motherboard, isinthidwe kaye asanazindikire Ryzen 5000. Musanatumize ndalama kwa m'bale wanu, lowani pa tsamba la kampani yopanga motherboard, pali mndandanda wa mapurosesa onse omwe imalandira. Bandulo ya mphindi zisanu imeneyo ingakupulumutseni miyezi iwiri.

RAM gulani timitengo tiwiri ta magigabaiti 8 m'malo mwa kamodzi ka 16, chifukwa tikakhala tiwiri purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo pa purosesa ya graphics yamkati kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Pa motherboard ya mipata inayi, nthawi zambiri mumaika mu wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa. Windows ikhale pa SSD, makamaka ya NVMe, kaja kooneka ngati chingamu chachitali. Hard drive yozungulira ndi yabwino posungira mavidiyo akale, koma osati kuyendetsera makina.

Tsiku lomanga lenilenilo silovuta monga anthu amaopera. Sikuludiraiva imodzi ya nyenyezi ndi kabuku ka motherboard n'zokwanira. Khudzani chitsulo kaye musanagwire zipangizo, ndipo ikani motherboard pamwamba pa katoni yake. Purosesa ili ndi kachizindikiro ka makona atatu pakona imodzi, kofanana ndi ka pa soketi, ndipo mukailunjika bwino imangogwera yokha. Ikakana musaikakamize, timano take n'tosachedwa kupindika. Ndimakumbuka manja anga akunjenjemera pamenepo, poganiza kuti kanthu kochepa ngati bisiketi kameneka ndi ndalama za miyezi itatu. RAM yokha ndiye imafuna kudinikiza mpaka imveke kuti tswa. Musaiwale timiyendo tamkuwa tomwe timakweza motherboard kuti isagunde chitsulo cha kesi, ndi waya wa mano asanu ndi atatu wa purosesa pakona yakumtunda, womwe oyamba ambiri amauiwala akalumikiza waukulu wa mano 24. Chovutitsa maso ndi timawaya ta batani loyatsira, koma kabuku kaja kali ndi chithunzi chake. Fani itazungulira koyamba, dzina la motherboard n'kuonekera pa sikirini, ndinaitana mkazi wanga kuchokera kukhitchini kuti adzaone, ndipo chimwemwe chimenecho sindidzachiiwala.

Fumbi nalo ndi mdani. Kuno ku Lilongwe kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi limalowa paliponse, ndipo mu Okutobala likakumana ndi kutentha kompyuta imayamba kulira ngati chigayo. Sankhani kesi yokhala ndi sefa kutsogolo, osati yagalasi mbali zonse chifukwa chokongola. Musaiike pansi pa simenti, ikwezeni patebulo, ndipo mwezi uliwonse muzichotsa sefa n'kuikuntha. Timagetsi tamitundumitundu tija ndi tokoma m'maso, sindikutsutsa, koma ndalama yake ikanagula fani ina.

Ndisanamizire kuti aliyense ayenera kumanga yake. Ngati ntchito yanu ndi kulemba makalata, Excel ndi kusindikiza, makompyuta akale a m'maofesi aja timawatcha ex-UK, monga Dell OptiPlex kapena Lenovo ThinkCentre, ndi olimba ndipo ndi otsika mtengo kuposa chilichonse chomwe mungamange. Kungoti musakopeke ndi dzina la purosesa loti i7 lokha, funsani m'badwo wake. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Dziwaninso kuti ambiri mwa makina amenewa ali ndi power supply ndi mawaya a mtundu wawowawo, moti kudzawonjezera graphics card yaikulu kumavuta. Wofuna kukonza mavidiyo, kujambula mapulani a nyumba kapena kupanga nyimbo, amene akudziwa kuti chaka chamawa adzafuna mphamvu zoposa za lero, ameneyo ndiye amange.

Chomwe chimandikhudza mtima n'choti ndalama zakunja zikusowa, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Mnyamata amene wasonkhanitsa ndalama za kompyuta lero wavutika kuposa momwe ndinavutikira ine, mwina makolo agulitsa mbuzi kapena matumba a soya kuti mwana ayambe ntchito yamanja. Kuganiza kuti zonsezo zingapse usiku umodzi chifukwa cha kabokosi komwe palibe anamuchenjeza, zimandiwawa zedi. Kompyuta yanga ija, chiikireni power supply yeniyeni ya 550W ndi UPS, magetsi athima n'kubwera kosawerengeka, ndipo sinadandaulepo. Ndawonjezera RAM kufika magigabaiti 32, ndaika graphics card, ndasintha batire la UPS kamodzi, zonse ndi manja anga.

Mphwanga wamaliza maphunziro a zojambulajambula chaka chino ndipo tikumanga yake. Anabwera ndi pepala lomwe pamwamba penipeni analemba graphics card. Tinakhala pansi, tinawerengera limodzi, ndipo sabata yatha tinagula power supply ndi UPS, wamagetsi anabweranso kudzakonza earth m'chipinda chake. Purosesa ndi motherboard zili m'njira, zikufika pa basi ya Lachisanu, ndipo Loweruka m'mawa tiyala katoni patebulo lomwe lija la pabalaza. Amene muli pafupi ndipo mukufuna kuona ndi maso momwe zimakhalira, ndiuzeni, mipando ilipo.