Lekani kufinya anapiye pofuna kudziwa tambala ndi msoti

Anzanga oweta nkhuku pakhomo, pali khalidwe lina limene limandiwawa mumtima. Anapiye angoswa kumene, nthenga sizinaume n'komwe, munthu wawatola kale, akuwagoneka chagada ndi kuwafinya pamimba kuti aone ngati ndi atambala kapena misoti. Ena amagwira mwanapiye miyendo n'kumuzondotsa, ati akaphiriphitha ndi tambala, akangoti zii ndi msoti. Enanso amaweruza dzira: losongoka ati mutuluka tambala, lobulungira mutuluka thadzi. Zonsezi n'zongopenekera. Anapiye amaswa pafupifupi theka atambala theka misoti, choncho ngakhale mutatsinzina mudzalondola kangapo ndithu, ndipo bodzali limakhalitsa chifukwa cha chimenecho.

Kuyang'ana kotulukira chitosi ndi njira yeniyeni, sindikutsutsa. Inachokera ku Japan, kumene Kiyoshi Masui ndi anzake anaifotokoza m'zaka za m'ma 1920, mpaka kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa ntchito yokhayi. Koma chimene akatswiriwo amayang'ana ndi kachotupa kochepetsetsa ka atambala, kooneka mosiyanasiyana, kamene misoti ina nayonso imakhala nako. Amaphunzira miyezi yambiri pa anapiye zikwizikwi. Munthu woonera kanema mmodzi pa YouTube sangafanane nawo. Komanso tizikumbukira kuti masiku oyambirira mwanapiye amakhala adakali ndi chikasu cha dzira m'mimba, ndicho chakudya chake. Mukapanikiza mopitirira, mwamuvulaza m'kati, mawa mudzamupeza atafa.

Za nthenga za m'mapiko nazonso anthu amazimva theka. N'zoona kuti pa tsiku loyamba kapena lachiwiri msoti ukhoza kukhala ndi mizere iwiri ya nthenga yosiyana kutalika, pamene ya tambala ili yofanana. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha bambo ali wa mtundu womera nthenga msanga ndipo mayi ali wa mtundu wochedwa kumera nthenga. Pa nkhuku zosakanikirana mitundu simupezapo yankho.

Ine ndimati amene akufunitsitsa kudziwa pa tsiku loswa, ntchitoyo aiyambire pa makolo. Mwa nkhuku, amene amachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi ndi thadzi, osati tambala. Tambala ali ndi makromozomu (tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa kuchokera kwa makolo) otchedwa ZZ, thadzi ZW, ndipo thadzi limapereka Z wake kwa ana aamuna okha. Ndiye maonekedwe ena a mayi amene ali pa Z amapita kwa atambala basi. Mukaphatikiza tambala wa mtundu wa Rhode Island Red ndi thadzi la mtundu wa Light Sussex, misoti imaswa yofiirira, atambala oyererapo. Tambala yemweyo ndi thadzi la Barred Plymouth Rock, anapiye onse amakhala akuda, koma atambala amakhala ndi kadontho koyera pamutu. Mungoona ndi maso, osagwira n'komwe. Chenjerani pawiri: mukasinthanitsa, bambo akhale Sussex mayi Rhode Island Red, siziyenda, ndipo ana a anapiye amenewa sadzasiyanitsikanso motero. Wofuna mtundu wosunga chizindikirocho mbadwo ndi mbadwo afune Cream Legbar, wochokera pa ntchito ya Reginald Punnett ndi Michael Pease ku Cambridge.

Kwa ambirife amene khola lathu ndi losakaniza, tingodikira. Pakati pa masabata 4 ndi 6 lipombo la tambala limayamba kukula ndi kufiira, tinyama tolendewera pansi pa mlomo timatuluka, miyendo imanenepa, pamene lipombo la msoti limakhala laling'ono ndi lotuwa. Yerekezani anapiye oswa limodzi, a mtundu umodzi, chifukwa mitundu ina monga Silkie imachedwa kudziulula. Pofika miyezi 3 kukayika kumachepa: tambala amamera nthenga zosongoka, zonyezimira m'khosi ndi pamsana chakumchira, za msoti zimakhala zobulungira kunsonga.

Ndipo musanaike mazira kuti thadzi lifungatire masiku 21 aja, ganiziranitu kumene atambala adzapite. Tambala mmodzi amakwanira matadzi pafupifupi 10. Otsalawo apatuleni m'khola lawolawo akangoyamba kukwera anzawo, apo ayi amenyana mpaka magazi ndipo misoti aisosola nthenga za pamsana isanayambe n'kuikira komwe.